A Mulipa ndi Ana a Eni Ake

A Gerevazio Mulipa tinakawasiya kumanda a ku Misesa Loweruka lapitali. Anthu analipo ambiri, koma achibale enieni anali ochepa. Ochuluka anali anyamata ndi atsikana ovala bwino, ena ogwira ntchito m'mabanki, ena aphunzitsi, ena mainjiniya, ndipo sankafunsana kuti malemuwa anadziwana nawo bwanji. Aliyense ankadziwa chimene chamubweretsa mnzake, choncho ankangopatsana moni wa m'maso n'kuyang'ana kumbali.

Mwana wawo wamwamuna, a Patiriki, atapatsidwa mpata woyankhula anathokoza mpingo ndi anthu a m'dera. Kenako ananena kuti wasangalala kuona ana onse amene bambo ake ankawamvetsera, chifukwa iye mwayi umenewo sanaupeze. Anthu anawerama. Palibe amene anamukoka jekete kuti akhale pansi, poti onse odziwa banjali ankadziwa kuti sakunama.

Ine ndine mlangizi wa ophunzira pa sukulu ina ya ukachenjede mumzinda muno. A Mulipa ndagwira nawo ntchito zaka zambiri, ngakhale sukulu yathu sinawalembepo ntchito kapena kuwapatsa udindo uliwonse. Moyo wawo wonse anali nesi pa chipatala cha anthu odwala maganizo. Atapuma anadzakhazikika ku Zingwangwa, kumene akazi awo anali ndi golosale kumaso kwa nyumba ndi zipinda zingapo za lendi kumbuyo. Mayiwo atamwalira golosale inatsekedwa, ndipo zipinda zija zinadzaza ndi ana a sukulu yathu, chifukwa mahositelo a pasukulu sakwanira ndipo ambiri amagona m'makomboni. Kumeneko n'kumene a Mulipa anayambira kuona zimene ife a m'maofesi sitinkaziona: mwana amene wasiya kusamba, mwana amene akuseka kwambiri kuposa nthabwala yake, mwana amene foni ya kumudzi ikalira amangoiyang'ana mpaka idule.

Anali munthu wamfupi, wojintcha, wa mawu aakulu ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje. Khutu lawo lakumanja silinkamva bwino. Wodwala wina anawamenya ali pantchito kalekale, ndipo akamafotokoza nkhaniyo ankati wolakwa anali iwowo chifukwa anamudzidzimutsa munthu wamantha. Chifukwa cha khutulo, ankakhala chammbali akamamvetsera, maso ali pakhoma, ndipo ana ambiri anandiuza kuti n'chimene chinkawamasula kuyankhula. Ankawatchula kuti adokotala. Iwo ankakana dzinalo tsiku lililonse, koma munthu akawaitana mwanjira ina sankatembenuka msanga.

Mwana akabwera sankamufunsa kuti vuto lake n'chiyani. Ankayamba ndi kufunsa ngati wagona, ngati wadya, ndi tsiku limene anasamba komaliza. Ankati maganizo akayamba kudwala, choyamba kuthawa ndi tulo, chachiwiri ndi sopo. Atsikana ankawapatsa lichero la nandolo kapena mtedza kuti azisenda, ati pakamwa pamatseguka manja akakhala ndi chochita. Anyamata ankawatenga kokayenda, kukwera njira zopita chakuphiri la Soche, chifukwa ankakhulupirira kuti mwamuna sayankhula zakukhosi kwa munthu amene wamuyang'anitsitsa kumaso. Liwu loti misala sankafuna kulimva pakhomo pawo. Wolitchula ankamudzudzula pomwepo, kaya ndi mwana, kaya ndi mlendo wovala tayi.

Tsiku loyamba kuonana nawo tinakangana. Anabwera ku ofesi yanga ataperekeza mnyamata wina, ndipo asanakhale n'komwe pansi anandiuza kuti ofesiyo ili pamalo olakwika, moyang'anana ndi khomo limene ana amaitanidwirako akapalamula. Anati mwana wanzeru zake sangaime pamzere umenewo anzake akumuona. Ine ndinawayankha kuti ana a sukulu si odwala a m'wodi yawo, ndipo kuti nkhani za anthu sizikambidwa mugolosale. Tonse tinakwiya, koma mnyamata uja ankafunika tonse awiri: ine kuti ndikayankhule ndi aphunzitsi ake amuimitsire mayeso, iwo kuti amuperekeze kuchipatala n'kumaonetsetsa kuti akumwa mankhwala. Umu ndi mmene gulu lathu linayambira, osati mwachikondi koma mosowa pothawira.

Tinkakumana Lachinayi masana mugolosale yotsekedwa ija. Pankakhala a Mulipa, ine, abusa Kachere a mpingo wina wa pafupi ndi msika, ndi ophunzira angapo amene tinkawaphunzitsa kumvetsera anzawo ndi kuzindikira zizindikiro zoopsa. Nthawi zina tinkaitana amayi a malandilodi a m'derali, poti ndi amene amadziwa chitseko chimene sichinatseguke kuyambira dzulo. A Mulipa ankati mutu wa mwana wa sukulu uli ngati nyumba ya lendi yokhala ndi makiyi ambiri: ina ili ndi makolo, ina aphunzitsi, ina mpingo, ina chibwenzi, ndipo munthu wa kiyi imodzi asamadzinamize kuti angakonze nyumba yonse.

Ndi abusa Kachere ankakangana kawirikawiri kuposa ndi ine. Mkangano waukulu unabuka pamene mtsikana wina, amene anali atayamba kupeza bwino, anapita kumapemphero a kuphiri ndipo mneneri wa kumeneko anamuuza kuti ataye mapilisi ake, ati ndi chizindikiro cha kuchepa kwa chikhulupiriro. Anataya, ndipo matenda anabwerera moopsa. Abusa Kachere mneneriyo sankamudziwa n'komwe, koma a Mulipa anawalalatira pamaso pa ana, kunena kuti onse onyamula Baibulo ndi amodzi. Abusa anatenga chipewa chawo n'kutuluka, ndipo anajomba masabata angapo. A Mulipa sankadziwa kupepesa ndi pakamwa. Anangofika kunyumba ya abusa m'mawa wina atasenza mtolo wa mizimbe, n'kuuponya pakhonde, n'kufunsa ngati Lachinayi abwera. Kuyambira pamenepo abusa akapempherera mwana wodwala, akangoti ameni ankamufunsa ngati wamwa mankhwala a tsikulo, ndipo a Mulipa anasiya kutsokomola mwadala pemphero likatalika.

Gululi linali ndi lamulo limodzi limene a Mulipa ankaligwira ngati moyo wawo. Mwana aliyense wofuna thandizo ankasankha yekha anthu atatu oti adziwe nkhani yake, ndipo palibe chimene chinkakambidwa za iye iyeyo palibe. Ngakhale moyo ukhale pachiswe, mwanayo ankayenera kuuzidwa kaye kuti tikufuna kudziwitsa wakutiwakuti, ndipo ankaloledwa kukana munthu mmodzi n'kutchula wina. Ophunzira atsopano ankaganiza kuti lamuloli analitenga m'mabuku a unesi. Silinachokere m'buku. Linachokera kwa Limbani.

Limbani anali mnyamata wa ku Phalombe, woyamba m'mudzi mwawo kulowa sukulu ya ukachenjede. Ankaphunzira za uinjiniya ndipo ankagona m'chipinda china cha kumbuyo kwa a Mulipa. Izi zinachitika gulu lathu lili laling'ono, tisanakhale ndi lamulo lililonse. Kumapeto kwa chaka chake chachiwiri Limbani analephera mayeso, analepheranso obwereza, ndipo anachotsedwa sukulu, zimene anawo amati kuwidedwa. Kwawo sanauze aliyense. Semesita itayamba anabwerera ku Zingwangwa monga mwa nthawi zonse. M'mawa uliwonse ankasita malaya, kubereka chikwama, n'kutuluka ndi anzake, kenako n'kupatukira kwina. Ankakhala tsiku lonse m'mphepete mwa nkhalango ya Kanjedza kapena kungoyendayenda mutauni mpaka nthawi yoweruka.

A Mulipa anamuzindikira chifukwa anali yekhayo pakhomopo amene sankadandaula za aphunzitsi. Anamutenga kokayenda, ndipo ali m'njira Limbani anaulula zonse. Anawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti bambo ake asamve, ndipo a Mulipa analonjeza. Nkhaniyi anaibweretsa kwa ine ndi abusa, Limbani atavomera. Tinagwirizana kuti ine ndifufuze ngati pali njira yoti abwerere chaka chinacho kapena kulowa sukulu ina, ndipo akalimba mtima abusa adzamuperekeze kwawo kuti akaulule pali munthu wachitatu. Zinkayenda pang'onopang'ono. Limbani ankaonda, ndipo a Mulipa ankamuona tsiku lililonse akusita malaya opita nawo kumene kulibe. Ankati bodzalo likumudya mwanayo kuposa kulephera kwenikweniko, ndipo kuti iwo monga bambo akanafuna kuuzidwa. Tinawapempha kuti adikire. Sanatitsutse, koma sanavomerenso. Anaimba foni ku Phalombe okha.

Bambo ake a Limbani anafika Loweruka m'mawa atavala jekete ya kutchalitchi. Ana onse a m'zipinda zija anali panja, ena akuchapa pampopi, ena akuyanika. A Mulipa anandiimbira kuti ndithamangireko, ndipo mawu awo anandiuza kuti zinthu zalakwika kale. Ndinapeza bamboyo ataima pakati pa bwalo, Limbani ali patsogolo pawo manja ali ndi thovu la sopo. Sankakuwa. Ankayankhula motsitsa, koma aliyense ankamva.

"Ndiye kumudzi ndikawauze chiyani anthu? Kuti injiniya uja tinkamuvinira ndi ameneyu?"

A Mulipa anawagwira mkono. "Bambo, tiloweni m'nyumba. Mwanayu sali bwino, akudwala."

"Akudwala chiyani? Akudya, akuyenda, akuchapa. Ndamva kuti inu munkagwira ntchito kwa amisala. Mwana wanga si wamisala, ndi wabodza basi."

Aka kanali koyamba kuona a Mulipa akumva liwu limenelo pakhomo pawo osadzudzula. Ndinayesa kufotokoza kuti mwayi wobwerera sukulu unalipo, koma bamboyo anati sukulu yatha, kumudzi kuli khasu. Limbani anatsuka manja ake, analowa m'chipinda, n'kulongedza. Zovala zonyowa anaziika mujumbo. Potuluka anaima pafupi ndi a Mulipa, mbali ya khutu lakumva, ndipo ananena mawu awiri okha.

"Munalonjeza, adokotala."

Anatsetsereka ndi bambo ake kupita kokakwera minibasi. Ine ndi abusa tinkamuimbira, poyamba ankayankha mwachidule, kenako foni inasiya kupezeka. Tinali tikukonza zoti abusa apite komweko pamene uthenga unafika, nthawi yokolola, kuti Limbani wadzipha.

A Mulipa anapita kumaliro, ndipo ine ndinapita nawo. Ndikuganiza kuti ankayembekezera kutukwanidwa, mwina ankakufunanso kumene. Koma bambo ake a Limbani anawalandira ndi manja awiri, anawakhazika pampando pakati pa akuluakulu, ndipo pamaso pa anthu anawathokoza kuti ndi munthu yekhayo mutauni amene anawauza zoona. Bamboyo ankalira ponena zimenezi, ndipo ankanena ndi mtima wonse. A Mulipa anakhala pampandopo osagwedezeka.

Mugolosale muja sitinakumanemo semesita yonseyo. Ana a m'zipinda zija ena anasamuka, ndipo mbiri inafala pasukulu kuti mdala wa ku Zingwangwa sasunga chinsinsi. Ine ndinali wokwiya nawo kwambiri moti sindinapite kukawaona. Patapita miyezi anatiitana okha, ine ndi abusa. Sanatchule za Limbani, ndipo dzinalo sindinalimvenso pakamwa pawo mpaka imfa yawo. Anangonena kuti ngati tikufuna kupitiriza, pakhale lamulo la anthu atatu, ndipo woyamba kumangidwa nalo akhale iwowo. Anapemphanso kuti pagulu pazikhala ophunzira, ati akuluakulu okhaokha akakhala pamodzi amayamba kuganiza ngati makolo. Zinatenga nthawi yaitali kuti ana ayambenso kubwera, ndipo anabwera chifukwa anzawo a m'gululo ndi amene ankawaitana.

Ndikanakonda kunena kuti lamulolo linathetsa zonse, koma linabweretsa mavuto akeake. Zaka zingapo pambuyo pake kunabwera Tadala, mtsikana wa chaka chomaliza, amene anasiya kudya pamene chibwenzi chake chinamuchititsa manyazi pa intaneti. Anayamba kuyankhula zakuti kuli bwino kungochoka padziko. Kupatula a Mulipa, amene anayamba kuwaululira yekha, anthu ake atatu anasankha mnzake wogona naye chipinda, mayi abusa, ndi ine. Amayi ake, amene ankakhala ku Machinjiri komweku, anawakana kwamtuwagalu. Tsiku lina tili naye mugolosale, ine ndinaona kuti zafika poipa ndipo ndinatulutsa foni kuti ndiwaimbire mayiwo. A Mulipa anaimirira, anatseka chitseko n'kuchitsamira.

"A Madamu, foniyo ibwezeni m'chikwama. Mwanayu wanena kuti ayi."

"Nanga akafa, a Mulipa? Mukawauza chiyani amayi ake?"

"Ndikawauza kuti sitinamusiye yekha. Koma kumupereka ayi. Zimenezo zinachitika kale pakhomo pano."

Ndinabweza foni. A Mulipa anakonza zoti Tadala asakhale yekha ngakhale kanthawi kochepa, anthu ake atatu aja akusinthana, ndipo mawa lake anamunyengerera mpaka anavomera kupita kuchipatala, kumene anagonekedwa. Anachira, anamaliza sukulu mochedwerapo, ndipo lero ali pantchito. Koma amayi ake atamva, anabwera ku ofesi yanga. Anandifunsa kuti tinali ndani ife kuti tiwabisire mwana amene anamubereka okha, ali pamtunda wa minibasi imodzi. Anati akanamwalira, tikanawaitana kudzatenga mtembo. Nditawafotokozera a Mulipa zimenezi, ananditembenuzira khutu losamva lija. Mpaka lero sindikudziwa kuti wolondola anali ndani tsiku limenelo. Chimene ndikudziwa n'chakuti potseka chitsekocho sankaganizira Tadala yekha koma ndi Limbani yemwe, ndipo kuti mwayi unatithandiza kuposa mmene iwo ankavomerera.

Kunyumba kwawo anali munthu wina. A Patiriki anakulira m'manja mwa bambo wolamula, wosafuna kuyankhidwa. Amayi awo atamwalira, a Mulipa anauza a Patiriki pasiwa kuti apukute misozi chifukwa anthu akuwaona. Patangopita zaka zochepa mwana yemweyo ankabwera kudzacheza n'kupeza bambo ake atakhala masana onse ndi mwana wa eni ake akulira, akumupatsa mpango. A Mulipa ndinawafunsapo kamodzi za zimenezi. Anati wometa anzake nayenso amafuna womumeta, ndipo anasintha nkhani. Womumetayo sanamufunefune. Ife a m'gulu, amene tinkaphunzitsa ana kuti munthu asasenze yekha, tinkawaona akusenza okha za Limbani ndi za mwana wawo, ndipo tinkawaopa kwambiri moti sitinawakakamize kusankha anthu awo atatu.

Chaka chathachi anagwa ndi sitiroko pampopi. Anadzuka, koma mbali imodzi inafa ndipo mawu aakulu aja anatha, kunatsala kung'ung'udza kosamveka. Tinkawanyamula pampando n'kuwalowetsa mugolosale Lachinayi, chifukwa tikawasiya m'nyumba ankamenya khoma ndi ndodo. Ana ankawayankhulabe, ndipo ena ankati akumva bwino kuposa kale poti sakuwadula mawu. Wina akayamba kukamba za mnzake amene palibe, ankagogoda pansi mpaka asiye. Ulendo womaliza kuwaona ali moyo anandigwira padzanja mwamphamvu ndipo anayesetsa kunena kanthu kena. Anabwereza kangapo, thukuta likutsika. Sindinamve. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva, ndipo ndikuganiza kuti anadziwa.

A Patiriki atiuza mwaulemu kuti golosale akufuna kuibwereketsa kwa munthu wogulitsa simenti ndi utoto. Ndi nyumba yawo, ndipo sitingawaletse. Sukulu yalonjeza kutipatsa chipinda pasukulupo. Abusa Kachere akalamba, ndipo ophunzira amene tinawaphunzitsa amamaliza n'kupita chaka ndi chaka. Sindikudziwa ngati gululi lipirire popanda munthu woti tizikangana naye.

Lachinayi lino ndinapitako ndekha, chiperoni chikuwaza. Mabenchi anatengedwa kupita pamaliro ndipo sanabwerere, choncho chipindacho chikuoneka chachikulu kuposa mmene ndinkachidziwira. Mashelefu akale a golosale ali mbuu ndi fumbi. Pakhoma lakumadzulo, pa msinkhu wa munthu wokhala pansi, pali mzere wa madontho akuda pamene mitu ya ana inkatsamira, laimu anafufutika mpaka kuoneka njerwa. Kumbuyo kwa nyumba, pampanda wa maluwa, panali mpata wopapatiza umene ana ankaloweramo pofuna kuti anthu a pamsewu asawaone. Mpatawo wakhomedwa ndi lata latsopano. Ndinasuzumira pamwamba pake. M'dothi lonyowa la kunjako munali mapazi a nsapato zazing'ono, ofika mpaka palata, n'kubwerera.